Lendi ikulipidwa, koma mwana akugona potani?

Sukulu zikamayandikira kutsegulira, m'madepoti a Liwonde, Balaka, Ntcheu, Mponela ndi Jenda mumadzaza katundu wa mtundu umodzi: matiresi opinda, ndowa, mbaula, kathumba ka ufa ndi chikwama cha makope. Eni katunduyu ndi ophunzira amene akukakhala m'nyumba za lendi pafupi ndi sukulu zawo, ena ku sekondale, ena ku sukulu za ukachenjede.

Makolo amaperekeza mpaka pasiteji, n'kupereka ya thiransipoti ndi malangizo oti mwana akalimbikire. Koma ndi ochepa amene adapondapo pakhomo pamene mwanayo amagona. Sadziwa ngati denga limadontha, ngati chitseko chimakhomeka, kapena kuti chimbudzi chimodzi akulowamo anthu angati. Chomwe amadziwa ndi mtengo wa lendi ndi tsiku lolipira basi.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Wophunzira wa lendi amakhala mlendo m'dera la eni, alibe ndalama zakezake, ndipo malo ogona ndi osowa. Akadandaula yekha, mawu ake salemera. Amene angawalemeretse ndi kholo, ndipo ntchito imeneyi siithera pa kutumiza ndalama.

Mmene zidayambira

M'chaka cha 1994 boma lidayambitsa maphunziro aulere a pulayimale, ndipo chiwerengero cha ana m'sukulu chidalumpha kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Anawa atamaliza Sitandade 8 adafuna malo ku sekondale. M'chaka cha 1998 boma lidasandutsa malo ophunzirira amene ankatchedwa ma DEC kukhala sukulu za sekondale zoyendera, zija timati ma CDSS.

Ganizo lidali loti mwana azidzukira kwa makolo ake m'mawa n'kubwerera madzulo. Koma sukulu imodzi imatenga ana a m'midzi yambiri, ndipo ena kwawo n'kutali moti ulendo wapansi umadya maola. Dzinja likafika, mitsinje n'kudzaza, ulendowo umakanikiratu. Mpamene padabadwira moyo wa selofu: ana awiri, atatu kapena anayi kusonkherana n'kuchita lendi kachipinda patiredingi senta, kumadziphikira ndi kudzisamalira okha, ena a iwo asanakwanitse n'komwe zaka 15.

Ku sukulu za ukachenjede nkhani yake ndi yofananako. Yunivesite ya Malawi idatsegulidwa m'chaka cha 1965 ndi ophunzira ochepa, ndipo Chancellor College idasamukira ku Zomba m'chaka cha 1973. Masiku amenewo wosankhidwa ankapeza bedi ndi chakudya zikumudikira pasukulu. Kuchokera apo Yunivesite ya Mzuzu idayamba kuphunzitsa mu 1999, ya Luanar idaima payokha mu 2012, ya Must idatsegulidwa ku Thyolo mu 2014, ndipo mu 2021 Yunivesite ya Malawi idagawidwa, n'kubala Mubas ndi Kuhes. Ophunzira achuluka, chomwe ndi chinthu chonyaditsa, koma zipinda zogona za pasukulu sizidachuluke pa liwiro lomwelo.

Zotsatira zake zikuoneka m'madera oyandikana ndi sukuluzi. Ku Zomba dzina la Chikanda limadziwika kwa aliyense amene adaphunzira kumeneko zaka za posachedwapa. Ku Mzuzu kuli Luwinga, ku Blantyre kuli Chitawira, Nkolokosa ndi Ndirande. M'madera amenewa muli nyumba zabwino ndithu, koma mulinso makhitchini, mashopu ndi mosungira katundu zimene adangozipaka laimu n'kuzitcha hositelo.

Mphamvu zili kwa mwini nyumba

Ofuna malo akachuluka kuposa malowo, wolamula amakhala mwini nyumba. Ambiri m'madera a ophunzira salipiritsa chipinda koma mutu, choncho chipinda choyenera munthu mmodzi chimalandira anayi. Lendi imachuluka kanayi, koma chimbudzi, bafa ndi mpopi zimakhalabe chimodzichimodzi.

Wophunzira akanena za denga lodontha, yankho lake ndi lodziwika m'dziko lonse lino: ngati simukufuna tulukani, pali anzanu akudikira. Pakati pa teremu, mayeso ali pafupi ndipo lendi adalipira kale, mwana sangatuluke. Amangosuntha matiresi n'kutchera beseni.

Sikuti eni nyumba onse ndi ouma mtima. Ambiri ndi amayi amasiye ndi anthu opuma pantchito amene lendiyo ndiyo ndiwo zawo. Ndalama ya kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu November 2023, mitengo ya simenti, malata ndi misomali idakwera, ndipo kukonza nyumba kudasanduka mtolo. Komabe kukwera kwa simenti si chifukwa choti mwana wa munthu azigona m'madzi pamene lendi ikulandiridwa mwezi ndi mwezi.

Zosowetsa mtendere ndi zakupha

Mavuto a m'nyumba za lendi ali pawiri. Ena amasowetsa tulo, ena amatha kuchotsa moyo, ndipo kholo liyenera kuwasiyanitsa.

M'gulu loyamba muli nsikidzi, mphemvu, makoswe, chinyontho ndi phokoso la mabala oyandikana nawo. Nsikidzi zimabisala m'ming'alu ya khoma ndi m'misoko ya matiresi, n'chifukwa chake kuyanika zofunda padzuwa kokha sikuzimaliza ngati ming'aluyo siidamatidwe. Mphere zimafala msanga pamene anthu akugona mothithikana ndi kubwerekana zofunda, ndipo zimabwerera ngati walandira mankhwala ndi mmodzi yekha m'chipindamo. Izi sizipha, koma mwana amene wachezera kudzikanda sangamve masamu m'mawa.

Gulu lachiwiri limayamba ndi madzi ndi chimbudzi. Mliri wa kolera umene udayamba mu March 2022 udafika m'maboma onse a dziko lino n'kupha anthu oposa 1,700, ndipo mu January 2023 boma lidachedwetsa kutsegulira sukulu m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre kaamba ka matendawa. Kolera amayenda ndi madzi kapena chakudya chimene chakhudzana ndi chimbudzi cha munthu. Chimbudzi chodzaza chimene chimasefukira mvula ikagwa, kapena chitsime chokumbidwa pafupi nacho, ndi msewu wa matendawa. A zaumoyo amalangiza kuti chimbudzi chokumba chitalikirane ndi chitsime ndi mamita osachepera 30, ndipo chikhale kumunsi kwake.

Chachiwiri ndi mbaula. Miyezi ya June ndi July, imene ilinso nyengo ya mayeso, ku Zomba, Dedza, Mzuzu ndi Thyolo kumazizira kwambiri. Ophunzira akamaliza kuphika amalowetsa mbaula m'chipinda n'kutseka chitseko ndi mawindo kuti awothe. Makala akamayaka pamalo opanda mpweya wokwanira amatulutsa mpweya wa poizoni umene suoneka ndiponso sununkha. Mpweyawu umalowa m'magazi n'kulanda malo a mpweya wabwino. Munthu amayamba kumva mutu, chizungulire, nseru ndi tulo, ndipo akagona amatha osadzukanso. Chipinda chopanda mawindo otseguka kapena timabowo ta mpweya, komanso pakhomo popanda khitchini, zimakankhira ana ku ngozi imeneyi. Wopezeka atafooka chotere ayenera kutulutsidwa panja msanga n'kuthamangira naye kuchipatala.

Chachitatu ndi magetsi. M'nyumba zambiri za kuseri mawaya amachokera m'nyumba yaikulu, olumikizalumikiza ndi mapepala a pulasitiki, ndipo pa soketi imodzi pamalowa mbaula ya magetsi, ayironi ndi matchaja a foni. Waya akatentha pafupi ndi matiresi, moto sutenga nthawi. Ngati mawindo ali ndi zitsulo ndipo khomo ndi limodzi, pothawira pamasowa.

Chachinayi ndi malo amene nyumba yamangidwa. Namondwe wa Freddy mu March 2023 adaonetsa zimene madzi ndi matope ochokera m'phiri angachite, makamaka ku Chilobwe mumzinda wa Blantyre. Nyumba zotchipa nthawi zambiri zimakhala m'mphepete mwa mtsinje kapena m'tsinde mwa phiri, ndipo wophunzira wochokera kutali sadziwa mbiri ya malowo.

Chifukwa chomwe mwana sanenera

Makolo ambiri amadabwa akamva mochedwa kuti mwana wakhala akuvutika teremu yonse. Pafoni ankangoti zonse zili bwino.

Zifukwa zake n'zomveka. Mwana amene waona makolo ake akugulitsa mbuzi kapena matumba a chimanga kuti apeze fizi safuna kuwonjezera mtolo. Wina amaopa kuti akanena zoona amuuza kuti abwerere kumudzi, sukulu n'kuthera pomwepo. Winanso adachita kusankha yekha nyumba yotchipa kuti yotsalayo azigulira ndiwo ndi kusindikizira zolemba, ndiye amaopa kukalipiridwa. Ngongole za bungwe la boma la Higher Education Students' Loans and Grants Board, limene lidakhazikitsidwa mu 2015, zimathandiza ambiri, koma si onse opempha amene amalandira, choncho pochepetsa ndalama ambiri amayambira pa malo ogona.

N'chifukwa chake funso loti "muli bwanji kumeneko" silikwanira. Mafunso amene amatulutsa zoona ndi achindunji. Mukugona angati m'chipindamo? Madzi akumwa mukutunga kuti? Mvula ya dzulo idalowa? Usiku ukafuna kupita kuchimbudzi umayenda mtunda wotani? Kiyi wina wa chipindacho amasunga ndani? Ndipo mwana akayankha zoona, kholo lisayambe ndi kukalipa, chifukwa tsiku lina sadzanenanso.

Maso a kholo

Thandizo lalikulu ndi loti munthu wamkulu aione nyumbayo ndalama isanaperekedwe. Madobadoba ena amaonetsa zithunzi zokongola pafoni n'kuitanitsa dipoziti ya chipinda chimene kulibe, kapena chimene adalandirira kale ndalama kwa anthu ena. Ndalama ya thiransipoti ya ulendo umodzi ndi yochepa poyerekeza ndi lendi ya teremu yonse yotayika.

Ngati kholo silingathe kuyenda, pali amalume, azakhali, mnansi wogwira ntchito m'tauniyo kapena mkulu wa mpingo kapena mzikiti amene angapiteko. Chofunika n'choti mwini nyumba aone kuti mwanayo ali ndi anthu.

Woyendera nyumba sayenera kukhala mmisiri. Akalowa masana n'kutseka chitseko, mabowo a denga amaonekera okha ndi kuwala kwa dzuwa. Mizere ya madzi pakhoma ndi fungo la chinyontho zimaulula za dzinja ngakhale kuli chilimwe. Timadontho ta magazi pakhoma pafupi ndi pogona ndi siginecha ya nsikidzi. Ayese loko, atsegule mawindo, atsegule mpopi, alowe m'chimbudzi ndi m'bafa kuti aone ngati zili ndi zitseko. Ayende wapansi kuchoka panyumbapo kukafika kusukulu, akuganizira mmene njirayo imakhalira usiku mwana akamachokera kowerenga. Koposa zonse acheze ndi alendi amene alipo kale, mwini nyumba atatalikira, ndiponso afunse oyandikana nawo pamene madzi amalekezera mvula ikakula. Paja safunsa adadya phula.

Zapakamwa zimauluka

Nyumba zambiri za ophunzira zimabwerekedwa ndi mawu apakamwa, ndipo mkangano ukabuka aliyense amakumbukira zomukomera. Pangano lolemba silifuna loya. Tsamba la m'kope ndi lokwanira, bola likhale ndi mayina a mbali zonse, mtengo wa lendi, tsiku lolipira, kuchuluka kwa anthu ogona m'chipindamo, ndi amene azilipira madzi ndi mayunitsi a magetsi. Linenenso ngati lendi izilipidwa patchuthi, nthawi yodziwitsana lendi isanakwere kapena wina asanatuluke, ndi mmene dipoziti idzabwezedwere.

Zowonongeka zimene zapezeka pa tsiku lolowa zilembedwe pomwepo ndi kujambulidwa pafoni, kuti galasi limene lidasweka kalekale lisadzadye dipoziti ya mwana. Mbali zonse zisayine pamaso pa mboni, monga mfumu ya deralo, mphunzitsi kapena mkulu wa mpingo, ndipo aliyense asunge pepala lake.

Polipira, njira ya Airtel Money kapena Mpamba ili ndi ubwino woti imasiya umboni wa tsiku ndi ndalama. Olipira pamanja akhale ndi kope limene mwini nyumba azisayinamo mwezi uliwonse. Ndipo ngati pali zofunika kukonza, nthawi yabwino yozikambirana ndi pamene ndalama idakali m'thumba la kholo. Lonjezo loti tikonza mukalowa kawirikawiri limafika tsiku lotuluka lisanakwaniritsidwe.

Vuto likabuka pakati pa teremu

Kuthamangira kukalalata pakhomo pa eni sikuthandiza, chifukwa kholo likakwera basi kubwerera, wotsala ndi mkwiyo wa mwini nyumba ndi mwana. Kuleka kulipira lendi mwakachetechete nakonso kumapatsa mwini nyumba chifukwa chomutulutsira.

Njira imene imagwira ntchito imayamba ndi ulemu. Kholo liimbe foni kapena lifike, lipereke moni, lithokoze kuti bambo kapena mayiwo akusunga mwana, kenaka litchule vutolo ndi kupempha tsiku limene likonzedwe. Zimene agwirizana zitsatiridwe ndi uthenga wa pafoni kuti pakhale umboni. Ngati mwini nyumba alibe ndalama, angagwirizane kuti kholo ligule lata, loko kapena thumba la simenti n'kuchotsera pa lendi, koma izi zilembedwe ntchito isanayambe ndipo malisiti asungidwe.

Zikakanika, pali makomo ena ogogoda. Ku sekondale kuli mphunzitsi wamkulu ndi komiti ya makolo ndi aphunzitsi. Ku yunivesite kuli ofesi yoona za umoyo wa ophunzira ndi bungwe la ophunzira. M'dera muli mfumu, imene eni nyumba ambiri amaimvera kuposa mlendo. Nkhani za chimbudzi chodzaza, zinyalala ndi madzi oipa ndi za alangizi a zaumoyo ndi khonsolo. Kuopseza, kumenya, kuchotsa chitseko kapena kulanda katundu wa mwana ndi nkhani zokatula kupolisi, ndipo mkangano wa ndalama umene wakanika kwa mfumu ungapite ku khoti la majisitireti.

Wophunzira wa ku yunivesite ndi munthu wamkulu, choncho ndi bwino kuti ayambe walankhula yekha, kholo lili kumbuyo kwake. Kudziwa kulemba pangano ndi kudandaula mwaulemu ndi maphunziro amene adzawafune moyo wake wonse. Koma pamene pali ngozi ya moyo, monga khoma long'ambika, mawaya othetheka kapena munthu womuvutitsa, palibe zodikira. Mwana asamuke, za ndalama zitsatire pambuyo.

Podikira kuti zikonzedwe, tinthu tating'ono timateteza kwambiri: neti ya udzudzu, ndowa ya chivindikiro, mankhwala a klorini othira m'madzi, mapaketi a Thanzi, loko wakewake, ndi nyali ya sola m'malo mwa kandulo. Bulangete lowonjezera ndi lotchipa kuposa mtengo umene mbaula ya m'chipinda ingalipiritse.

Mwana wamkazi

Kwa atsikana, nyumba yoipa ili ndi ngozi ina yapadera. Chitseko chosakhomeka, bafa la mpanda wobooka ndi chimbudzi chakutali usiku zimawaika pa mbalambanda. Njala nayo ndi msampha. Ufa ukatha pakati pa mwezi ndipo lendi yatsalira, patiredingi senta sipasowa amuna a ndalama amene amadzipereka kuti athandize, ndipo nthawi zina wothandizayo amakhala mwini nyumba kapena mwana wake.

Malamulo alipo. Kuyambira mu 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, ndipo lamulo la Gender Equality Act la 2013 limaletsa kuvutitsa munthu pofuna kugonana naye. Kupolisi kuli nthambi ya Victim Support Unit, ndipo nambala yaulere ya 116 imalandira madandaulo okhudza ana. Ndondomeko yolola mtsikana kubwerera kusukulu atabereka ilipo kuyambira mu 1993, koma kholo lililonse likudziwa kuti madzi akatayika saoleka.

Chitetezo chenicheni chimayamba msanga: kulipira lendi mwachindunji kwa mwini nyumba ndi pa nthawi yake kuti mtsikana asakhale ndi ngongole kwa mwamuna aliyense, kutumiza chakudya chisanathe, ndi kupeza mayi wodalirika wa pafupi, kaya mphunzitsi, kaya wa gulu la Mother Group, amene azimuzonda ndipo mtsikanayo angathamangireko usiku. Kufika mosayembekezeka kamodzi pa teremu kumauza dera lonse kuti mwanayu ali ndi eni ake.

Mutu umodzi susenza denga

Mwini nyumba angathe kunyozera mwana mmodzi, koma sanganyozere makolo a ana onse a pakhomopo atalankhula mawu amodzi, chifukwa zipinda zikakhala zopanda anthu amene aluze ndi iye. Makolo a ana ogona nyumba imodzi ayenera kudziwana ndi kupatsana manambala. Angathe kusinthana maulendo, uyu kupita mwezi uno, uyo mwezi wamawa, aliyense atanyamula ufa ndi nyemba za ana onse. Angathenso kusonkherana n'kubwereka nyumba yonse, m'malo molola kuti mwini nyumba aziwonjezera mitu mmene wafunira.

Pa msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi, nkhani ya malo ogona iyenera kukhala pa mndandanda limodzi ndi ya fizi ndi chitukuko. Palibe choletsa komiti ya sukulu, mfumu ndi mlangizi wa zaumoyo kuyendera nyumba za selofu teremu isanayambe, n'kulemba zimene zili zoyenera kuti makolo a ana a Fomu 1 asamayambire pa mdima. Mwini nyumba amene akudziwa kuti dzina lake lingachotsedwe pa mndandanda wotere amakumba chimbudzi chatsopano asanauzidwe kawiri. Kumanga mahositelo okwanira ndi udindo wa boma ndi eni sukulu, ndipo makolo ali ndi ufulu wofunsa makhansala ndi aphungu awo za nkhaniyi, koma mwana amene ali Fomu 3 lero sangadikire njerwa zimene sizinaumbidwe.

Pali chinthu china chimene mabanja a m'matauni ang'onoang'ono sayenera kuchiiwala. Ambiri mwa iwo ali mbali zonse ziwiri za nkhaniyi. Bambo amene akudandaula kuti mwana wake akugona modontha ku Chikanda ndi yemweyo amene ali ndi tizipinda titatu kuseri kwa golosale yake, momwe mukugona ana a selofu ochokera kumidzi. Lendi imene akutolera kwa anawo ndiyo imene akutumiza ku Zomba. Akuluakulu adati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mafunso onse amene kholo lingafunse mwini nyumba wa ku Zomba kapena ku Mzuzu liyambe ladzifunsa lokha, litaima pakhomo pa kachipinda ka kuseri kwa nyumba yake mvula isanagwe.